Musanadzole kachubu ka ziwengo kaja, werengani tizilembo ta m'mbali

Ndimagwira ntchito pa kauntala ya famase, ndipo mankhwala amene ndimakangana nawo kwambiri makasitomala si a malungo kapena a BP ayi. Ndi timachubu ta pakhungu. Munthu amafika atanyamula chubu chofinyidwa mpaka kukhosi, dzina litafufutika, n'kunena kuti, "Mundipatseko ngati aka, kamandiyanja." Ndikafunsa kuti anawalembera ndani, yankho limakhala mlamu, mnzawo wa ku saluni, kapena mayi wina wogulitsa zodzoladzola mumsika. Ndikafunsa kuti anayamba liti, amangoseka: "Aaa, ndi kale." Nthawi zambiri m'kachubumo mumakhala steroid, mankhwala oziziritsa kutupa ndi kuyabwa.

Ndisaname, mankhwala amenewa ndi abwino. Mwana wa eczema, nthenda yoyabwa ija ya m'mapindiko a mikono ndi kuseri kwa mawondo imene ambiri timangoti ziwengo kapena chikanga, akapatsidwa steroid woyenera amayamba kugona tulo pakangopita masiku ochepa, mayi akenso n'kupumako. Kuyambira 1952, pamene madokotala awiri a ku New York, Marion Sulzberger ndi Victor Witten, anaonetsa kuti hydrocortisone wodzola amaziziritsa khungu lotupa, mankhwala amenewa ndiwo akhala oyambirira pa matenda otere. Ineyo ndimawapereka tsiku ndi tsiku mtima uli m'malo. Chimene ndimakana ndi kuwapereka kwa munthu amene sakudziwa nthenda imene akudwala, mphamvu ya chubu chimene wagwira, ngati malo amene akufuna kudzolawo ndi oyenera, komanso tsiku limene adzasiye.

Thupi lanu limapanga kale steroid wakewake wotchedwa cortisol, kuchokera mu tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso. Mankhwala a m'chubuwa amatsanzira cortisol ameneyu. Akalowa pakhungu amatontholetsa chitetezo cha m'thupi, amafinya timitsempha ta magazi, ndipo amachedwetsa khungu kudzikonza. N'chifukwa chake kuyabwa kumaleka, kutupa kumaphwa, malowo n'kuyererako. Koma steroid safunsa kuti chayambitsa kuyabwako n'chiyani. Ngati ndi eczema, pamene chitetezo chikungolusa popanda mdani weniweni, kuchitontholetsa ndiye mankhwala ake. Ngati ndi zipere, mphere kapena mabakiteriya, ndiye kuti mwamangirira galu chifukwa akusokosa, mbava zili kale kuseri kwa khola.

Tembenuzani chubucho

Dzina lalikulu la pakatoni musalikhulupirire, kaya pajambulidwa mandimu, karoti kapena nkhope yosalala ya mtsikana. Fufuzani pamene alemba zimene zili m'kati. Dzina likathera ndi -sone, -lone, -sol kapena -nide, kawirikawiri ameneyo ndi steroid: hydrocortisone, betamethasone, mometasone, fluocinolone, triamcinolone, clobetasol, fluocinonide.

Mphamvu zake si zofanana. Wofooka ndi hydrocortisone 1%. Wapakati ndi clobetasone butyrate 0.05%, amene ali mu Eumovate. Amphamvu ndi betamethasone valerate 0.1% wa mu Betnovate, betamethasone dipropionate ndi mometasone. Pamwamba penipeni pali clobetasol propionate 0.05%, amene mumupeza mu Dermovate, Movate ndi Betasol. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Amaona 0.05% n'kuganiza kuti ndi kamankhwala kochepa poyerekeza ndi 1%, chonsecho mabuku a madokotala a khungu amati clobetasol akhoza kuposa hydrocortisone mphamvu mpaka ka 600, betamethasone ka 100 kapena kupitirira. Manambala a peresenti amakuuzani kanthu pokhapokha mukuyerekeza machubu awiri a dzina limodzi. Muchenjerenso ndi clobetasone ndi clobetasol: maina akusiyana zilembo zomaliza zokha, koma wina ndi wapakati, wina ndi wamphamvu kuposa onse. Ku Britain bungwe loona za mankhwala la MHRA linalengeza mu 2024 kuti opanga azilemba mphamvu yake pachubu penipeni. Machubu a m'misika yathu sanena zimenezo, choncho ntchito yowerenga ili ndi inu.

Ndiye pali machubu aja osakaniza, amene anthu amati "amachiza zonse". Funbact-A ali ndi clotrimazole wa zipere, neomycin wa mabakiteriya, komanso betamethasone. Epiderm nayenso ali ndi betamethasone pamodzi ndi gentamicin ndi mankhwala a zipere. Pali nthawi zina zimene dokotala angalembe oterewa kwa masiku owerengeka, koma munthu wodzigulira yekha sadziwa kuti mphamvu imene akuyamikirayo ndi ya steroid. Ku India, kumene machubu osakaniza otere akhala akugulitsidwa mwachisawawa kwa zaka zambiri, kunabuka mtundu wa zipere wotchedwa Trichophyton indotineae, umene unapatsidwa dzinali mu 2020. Nthawi zambiri sumva mankhwala a zipere a terbinafine, ndipo wafika kale m'maiko ena. Madokotala a khungu a ku India amaloza chala machubu omwewa.

Kabotolo kopanda zolembalemba, kamene wina wasakanizira kunyumba kwake n'kumagulitsa pa WhatsApp, musadzole. Palibe choti tikambirane pamenepo.

Nthenda yake ndi iti?

Eczema weniweni amakhala ndi khungu louma, loyabwa kwambiri, lobwerezabwereza m'malo omwewo, ndipo nthawi zambiri m'banjamo mumakhala wa mphumu kapena wa chimfine chosatha. Zithunzi za pa intaneti zimaonetsa khungu lofiira chifukwa ndi za azungu. Pakhungu lathu malowo amada, kapena kutuwa, amakhakhala, mwina kuchita titsungu tating'onoting'ono ngati munthu wazizidwa. Ameneyu ndiye steroid amamuyenera, pamodzi ndi psoriasis wa mamba oyera m'zigongono ndi m'mawondo, ndiponso ziwengo zobwera chifukwa cha simenti, mankhwala a tsitsi, ndolo kapena chitsulo cha lamba.

Amene samuyenera ndi awa, ndipo ndi amene ndimakumana nawo kwambiri.

Zipere zimakhala zozungulira, m'mphepete mwake motukuka, pakati n'kumapola. Zimakonda m'mphechepeche, pansi pa mabere, m'chiuno ndi m'mutu mwa ana. Mukadzola steroid, masiku oyamba mumasangalala. Kuyabwa kwatha, mphepete ija yafufutika. Mukasiya zimabwerera zitakula, inu n'kuthamangira chubu china, mpaka chipere chimene chinali ngati ndalama yachitsulo chadzaza ntchafu zonse ziwiri. Chowawa n'choti maonekedwe ake amasinthiratu, moti ngakhale wa kuchipatala akhoza kuphonya ngati simunamuuze zimene mwakhala mukudzola. Madokotala awiri a ku Britain, Adrian Ive ndi Ronald Marks, analemba za vutoli mu 1968 n'kulitcha tinea incognito. Mankhwala a zipere za pathupi ndi clotrimazole, miconazole kapena Whitfield, kawiri patsiku kwa milungu iwiri mpaka inayi, n'kupitirizabe kwa mlungu wina zitaoneka kuti zatha. Za m'mutu sizimva zodzola zokha. Mwanayo amafunika mapiritsi, kawirikawiri griseofulvin kwa milungu 6 mpaka 8, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwera chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro.

Mphere mungazidziwe ndi funso limodzi: kodi m'nyumbamo akukanda ndi ndani wina? Zimayabwa kwambiri usiku, m'mipata ya zala, m'manja, m'chiuno, kumatako ndi kumaliseche. Ana akabwera ku holide kuchokera ku sukulu zogonera komweko ndi pamene ndimagulitsa benzyl benzoate wambiri. Steroid amachepetsa kukanda koma tizilomboto timaswana mosatekeseka, ndipo kwa munthu wa chitetezo chotsika zikhoza kufika pochita nkhanambo zokhuthala zodzaza ndi tizilombo. Apa banja lonse lidzole mankhwala a mphere tsiku limodzi, kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, zovala ndi zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa. Kuyabwa kukhoza kutsalira milungu ingapo tizilombo titafa, ndipo pamenepo ndiye hydrocortisone angathandize.

Ziphuphu za achinyamata steroid amazisalaza kwa kanthawi, kenako n'kuzibweretsa zambirimbiri zofanana msinkhu, mpaka pamphumi ndi pachifuwa. Zilonda za mafinya zochita nkhanambo zachikasu zimafuna mankhwala opha mabakiteriya. Ndipo mwana wa eczema akatuluka mwadzidzidzi timatuza kapena tizilonda tokumbika tofanana, topweteka, thupi litatentha, musawonjezere chubu: ameneyo akhoza kukhala kachilombo ka herpes, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire aciclovir.

Pali zitatu zimene zikafika pa kauntala ndimasiya zonse. Choyamba ndi banga loyererako losayabwa, limene mukalikhudza ndi thonje munthu atatsinzina samva. Khate silinatheretu m'dziko muno, mankhwala ake ndi aulere, ndipo mwezi uliwonse wotaya ndi timachubu mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi imakhala ikuwonongeka. Chachiwiri ndi mabanga kapena tizotupa takuda tofiirira m'miyendo, pamphuno kapena m'kamwa, makamaka mwendo ukamatupa. Imeneyi ikhoza kukhala khansa ya Kaposi, imene ma steroid, makamaka akumwa, amaikulitsa. Chachitatu ndi khungu lakuda ngati lopsa ndi moto kuzungulira khosi, pamikono ndi pamwamba pa mapazi, malo owombedwa ndi dzuwa okhaokha, mwina ndi kutsegula m'mimba. Imeneyi ndi pellagra, yobwera chifukwa chosowa vitamini B3. Imagwira odya nsima yopanda ndiwo zokwanira, omwa kachasu kwambiri, komanso ena amene akumwa isoniazid wopewera TB. Imafuna vitaminiyo, mtedza, usipa ndi nyama. Chubu chilichonse n'chabe pamenepo. Ndiwonjezerepo kuti totupa toyabwa m'mikono ndi m'miyendo tosamva mankhwala ndi chifukwa chabwino chokayezetsera HIV, ngakhale munthu akuoneka wonenepa.

Lamulo langa ndi ili: mukadzola mlungu wathunthu popanda kusintha, kapena vutolo likabwerera litakula mutangosiya, musagule chubu chachiwiri. Pitani mukaonetse.

Pati, wochuluka bwanji, mpaka liti

Khungu la pazikope si lofanana ndi la kuchidendene. Mu 1967 Robert Feldmann ndi Howard Maibach anayeza mmene hydrocortisone amalowera m'malo osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti khungu la kumaliseche kwa abambo limamwa mankhwalawo pafupifupi ka 42 kuposa la pamkono, la pachibwano ka 13, pamene la kuphazi limamwa pang'ono zedi. Choncho kunkhope, m'khosi, m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumaliseche ndi kwa hydrocortisone 1%, kwa masiku 5 mpaka 7 pokhapokha dokotala atanena zina. Pamimba, pamsana, m'mikono ndi m'miyendo mwa munthu wamkulu betamethasone amaloledwa kwa mlungu umodzi kapena iwiri. Clobetasol ndi wa m'manja, kumapazi ndi pamalo pokhuthala zedi, wochita kulemberedwa, osapitirira magalamu 50 pamlungu, komanso osapitirira milungu inayi munthu asanaonedwenso. Kunkhope ayi.

Kayezedwe kake ndi ka chala. Finyirani mankhwala pachala chanu cholozera, kuyambira kunsonga mpaka pamzere woyamba. Amenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu, zala zomwe. Njirayi anaikhazikitsa ndi madokotala a ku Cardiff, Long ndi Finlay, mu 1991. Nkhope yonse ndi khosi la wamkulu zimafuna miyezo iwiri ndi theka, mkono itatu, mwendo 6, msana ndi matako 7. Kwa mwana muziyezabe ndi chala chanu ndi chikhatho chanu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chubu cha magalamu 15 chili ndi miyezo 30. Ngati malo odwala ndi aakulu ngati zikhatho ziwiri ndipo mukudzola kamodzi patsiku, chubucho chiyenera kukhala mwezi wathunthu, kutanthauza kuti nthendayo ikamapola chimakhala chisanafike ndi theka lomwe. Chikatha pamlungu, mukupaka ngati mafuta odzola mukasamba. Koma palinso mbali ina. Amayi ena anamva kuti ma steroid ndi oopsa, ndiye amangokhudza kadontho pamwana woti thupi lonse lachita zilonda, miyezi n'kumapita, mwana sakugona, khungu likukhuthala ndi kukanda. Awanso ndimakangana nawo. Mlingo wokwanira kwa masiku ochepa ndi wabwino kuposa kadontho ka chaka chonse, ndipo steroid wodzolidwa moyenera kwa mlungu umodzi kapena iwiri sawononga khungu.

Dzolani kamodzi kapena kawiri patsiku, osapitirira apo, pamalo odwala pokha. Nthawi yabwino ndi mukangosamba n'kudzipukuta. Pakati pa steroid ndi Vaseline pazipita mphindi ngati 30 kuti musamwaze mankhwalawo pakhungu labwino. Musakulunge ndi pulasitiki, chifukwa kutero kumachulukitsa olowa m'thupi. Sambani m'manja mukamaliza, kupatula ngati manjawo ndiwo akudwala.

Nthawi yosiyira muidziwe ndi zala, osati ndi maso. Malowo akasalala ndipo sakuyabwanso, mwachira. Banga lakuda lotsalira si nthenda, ndi chipsera cha kutupa kuja, ndipo pakhungu lathu limatenga miyezi kuti lizimiririke. Ambiri mwa amene ndawaona atakodwa anakodwera pomwepa. Anapitiriza kudzola kuti bangalo lichoke, malowo anayera kuposa ozungulira, ndiye anayamba kudzola nkhope yonse kuti ifanane. Kwa amene eczema amabwereza pafupipafupi pamalo amodzi, madokotala ena amalangiza kudzola masiku awiri okha pamlungu, monga Loweruka ndi Lamlungu, ndipo njirayi imathandiza. Koma ikhale yochita kuuzidwa. Tsiku limene mwayamba lilembeni pakatoni ndi cholembera. Palibe amene amakumbukira bwino akafunsidwa pakapita miyezi.

Ngati mwadzola kale kwa nthawi yaitali

Dziyang'aneni pagalasi masana, panja. Khungu lowonongeka ndi steroid limakhala lopyapyala ndi lonyezimira, timitsempha tikuonekera m'masaya. Kungogundidwa pang'ono limachita mikwingwirima kapena kung'ambika, ndipo chilonda chimachedwa kupola. Kumamera ubweya m'masaya, titsungu kuzungulira pakamwa, dzuwa limawotcha msanga. M'khwapa, m'ntchafu ndi pamabere mumatuluka mizere ikuluikulu yonga ya pamimba pa mayi woyembekezera. Kupyapyala kukhoza kubwererako mukasiya, koma mizereyo ndi ya moyo wonse, ndipo amene angakugulitseni mafuta oti ayichotsa akungokudyerani ndalama. Wodzola pafupi ndi maso kwa miyezi akayezetse maso. Steroid amabweretsa ng'ala komanso glaucoma, imene imadya maso mwakachetechete popanda kupweteka.

Amene amasakaniza clobetasol m'mafuta odzola thupi lonse kuti ayere ali pa chiopsezo china chachikulu. Sindiweruza, chifukwa ndikudziwa mawu amene atsikana akuda amamva kuyambira ali aang'ono, mwina kuchokera kwa azakhali awo enieni. Koma mankhwala odzolidwa thupi lonse tsiku lililonse amalowa m'magazi ngati akumwa. Nkhope imazungulira, mimba imakula pamene mikono ndi miyendo ikuonda, kuseri kwa khosi kumatukuka, BP ndi shuga zimakwera, msambo umasokonekera. Ndipo tiziwalo ta pa impso tija, tikaona kuti steroid wachuluka m'magazi, timasiya kupanga cortisol. Mafuta ena oyeretsa amakhalanso ndi hydroquinone, amene pakapita zaka amadetsa masaya kuposa kale, kapena mercury wowononga impso. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta otere mu 2015, Rwanda inayamba kuwalanda m'masitolo mu 2018.

Kusiya n'kovuta, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Pakapita masiku ochepa nkhope imatentha ngati yapakidwa tsabola, imatupa, imasenda, imada. Munthu akadzolanso amapeza bwino tsiku lomwelo, n'chifukwa chake amati "kamandiyanja", pamene zoona zake n'zoti khungulo lazolowera. MHRA inachenjeza za vuto limeneli mu 2021. Ngati mwakhala mukudzola kunkhope kokha, pitani kwa a zakhungu mukagwirizane njira. Ena amasiyitsa kamodzin'kamodzi, ena amatsitsira ku hydrocortisone n'kumachepetsa masiku. Ziphuphu zikachuluka amapereka doxycycline kwa milungu ingapo, kupatula kwa oyembekezera ndi ana aang'ono, ndipo kumene akupezeka tacrolimus wodzola, amene si steroid, amathandiza ngakhale ndi wodula. Inuyo kunyumba muziika kansalu konyowa ndi madzi ozizira, muzidzola Vaseline wopanda fungo, musakweche, muzivala chipewa. Zimatenga milungu, kwa ena miyezi, ndipo mtundu wanu wachibadwa udzabwerera. Auzeni a kunyumba kwanu kuti asamakufunseni tsiku lililonse kuti nkhope yatani.

Ngati mwakhala mukudzola wamphamvu thupi lonse kwa miyezi, musasiye mwadzidzidzi nokha. Kufooka kwambiri, chizungulire, kusanza ndi kukomoka mutasiya ndi zizindikiro zoti thupi lilibe cortisol, ndipo zikhoza kupha. Mukamapita ku opaleshoni kapena kukachira, auzeni anamwino za mafutawo ngakhale muchite manyazi.

Ana ndi amayi oyembekezera

Khanda limamwa mankhwala ambiri poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo thewera kapena pampasi zimagwira ntchito ngati pulasitiki ija. Chubu chosakaniza cha betamethasone pansi pa thewera ndi chinthu chimene ndimaletsa mwamphamvu, ngakhale agogo ake a mwanayo atandikwiyira. Mwana wotero akhoza kutupa masaya n'kuoneka ngati wanenepa, kusikelo n'kumamuyamikira, pamene msinkhu waima. Zilonda za thewera zimafuna kusintha pafupipafupi, kumusiya mwana apitidwe mphepo, ndi mafuta a zinc. Zikafiira m'mapindiko ndi timadontho m'mphepete, afunika clotrimazole kapena nystatin. Mayi woyembekezera akhoza kudzola wofooka kapena wapakati mosaopa. Amphamvu ochuluka, opitirira magalamu 300 pa nthawi yonse yoyembekezera, ndi amene kafukufuku anawagwirizanitsa ndi kubadwa kwa ana ochepa sikelo. Woyamwitsa akadzola pabere, apukute asanayamwitse.

Mapiritsi ndi jakisoni

Prednisolone ndi dexamethasone ndi ma steroid omwewo, koma ofika paliponse m'thupi. Kapiritsi ka dexamethasone kamaoneka kachabechabe, komatu 0.75 mg wake ndi wofanana ndi 5 mg wa prednisolone. Kwa masiku ochepa, pa ziwengo zazikulu, dokotala akhoza kulemba ndipo n'zoyenera. Vuto ndi munthu wa eczema amene anazindikira kuti timapiritsi tiwiri timamugonetsa tulo, n'kumangogula mwezi ndi mwezi. Ena amamwa kuti anenepe. Kumeneko si kunenepa, ndi madzi ndi mafuta osonkhana kunkhope ndi kumimba pamene minofu ndi mafupa zikutha. Mapeto ake ndi shuga, BP, ng'ala, mafupa othyoka msanga, mutu wa fupa la m'chiuno kufa mwa munthu wachinyamata, kusowa tulo ndi kusokonekera maganizo. Akaphatikiza ndi Brufen, diclofenac kapena Indocid, zilonda za m'mimba sizichedwa.

Kwathu kuno chachikulu ndi TB. Ambiri tili ndi kachilombo kake kogona m'thupi, ndipo steroid wa nthawi yaitali amakadzutsa. Chifuwa, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda muli pa mapiritsiwa musazengereze nazo. Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir anene asanapatsidwe steroid, chifukwa ritonavir amachititsa kuti ma steroid ena aunjikane m'magazi. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafooketsa prednisolone. Amene ali pa mapiritsiwa ndipo sanadwalepo katsabola apewe odwala katsabola kapena mashingozi. Ndipo wa psoriasis asamwe mapiritsiwa mwa yekha: khungu limapola bwino, koma akasiya nthendayo ikhoza kubwerera thupi lonse ndi timatuza ta mafinya, mpaka kugonekedwa.

"Jakisoni wa ziwengo" amene ena amakonda kupempha, kawirikawiri triamcinolone, amakhala m'thupi milungu ingapo. Piritsi likakuvutani mawa mukhoza kukambirana zochepetsa. Jakisoni akalowa walowa.

Mukamwa mapiritsiwa kupitirira milungu itatu, kusiya kwake ndi kochepetsa pang'onopang'ono motsatira dokotala. Imwani m'mawa mutadya. Ndipo inu amene dokotala anakulemberani chifukwa cha matenda amene chitetezo chimaukira thupi lomwe, monga pemphigus ndi lupus, kapena kutupa kwa mitsempha pa khate, chonde musasiye chifukwa mwawerenga zanga. Kwa inu mapiritsiwo akuteteza moyo kapena manja anu. Chofunika ndi kuyezetsa shuga, BP ndi maso, osaphonya tsiku lobwerera kuchipatala.

Zochepetsa kufunika kwa chubu

Ntchito yaikulu pa eczema ndi yosasangalatsa: mafuta, tsiku lililonse, ngakhale khungu lili bwino. Vaseline wamba kapena emulsifying ointment, kangapo patsiku, makamaka mukangotuluka kosamba, ndipo koposa m'miyezi ya June ndi July pamene khungu limang'ambika. Madzi akhale ofunda chabe. Sopo wochapira zovala ndi sopo wa mankhwala uja wonunkhira chipatala asafike pathupi la mwana wa eczema, chinkhupule ndi mwala wokwechera zikhale kutali. Muwengeni zikhadabo, muvekeni za thonje m'kati mwa juzi. Chenjezo limodzi: zovala ndi zofunda zimene zamwa Vaseline zimagwira moto msanga, ndipo kuchapa sikuchotseratu mafutawo. Mwana wodzola kwambiri asayandikire mbaula kapena kandulo.

Pa chipatala cha boma funsani tsiku limene a zakhungu amaona odwala. Ena mwa iwo anaphunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania, ndipo zovuta kwambiri amazitumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mankhwala okayikitsa kapena amene akuvulazani mukhoza kuwanena ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno, kapena kudzera ku famase yovomerezeka. Popita kuchipatala tengani buku lanu la kuchipatala ndi machubu onse, otha omwe, ndi kabotolo kosakaniza kaja ngati kalipo. Ngati muli ndi chithunzi pafoni cha mmene zinayambira, chionetseni. M'mawa wa tsikulo musapake kanthu pamalopo, kaya Vaseline, ufa wa kunkhope kapena GV, chifukwa utoto wa GV umabisa mphepete mwa chipere, ndipo mafuta amalepheretsa kupala tinkhanambo tokayeza ku labu.